Lipoti la nkhani: mtsikana wa zaka 4 wothyoka mafupa awiri a mkono, wochira ndi chikhakha

Ana ambiri amene amathyoka mafupa a pakati pa chigongono ndi dzanja amachira ndi chikhakha chokha, osalowa opaleshoni. Poti n'zofala, n'kosavuta kuganiza kuti ntchito yatha pa tsiku lomwe chikhakha chamangidwa. Koma mkono wothyoka sukhala momwemo. Umatupa masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako umaphwa, ndipo pakapita masabata minofu yake imaonda chifukwa chosagwira ntchito. Chikhakha chokha ndicho sichisintha. Chimene chinali bwino Lolemba chitha kuthina Lachiwiri usiku, n'kudzakhala chokhwepa sabata yotsatira. Mwana amene ndikufotokoza pano, yemwe ndinamuthandiza monga dokotala, anakumana ndi zonse ziwirizi, ndipo n'chifukwa chake ndalemba nkhani yake. Dzina lake ndi zina zomuzindikiritsa ndazisiya.

Mmene anafikira

Wodwalayu ndi mtsikana wa zaka 4 ndi miyezi 7, wolemera makilogalamu 17, wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, wopanda matenda ena. Anagwa pa katungwe, kuchokera pamtunda wa pafupifupi mita imodzi ndi theka, n'kufikira pa dzanja lamanzere atalitambasula. Mayi ake anamuona akugwa. Anafika naye patadutsa maola 3, atagoneka mkonowo pa katoni yopinda n'kumangirira ndi nsalu mosathina. Anachita bwino kwambiri. Sanayese kukoka kapena kuwongola, ndipo mkono unafika usanagwedezeke kwambiri.

Tisanamugwire paliponse tinayamba tamupatsa mankhwala ochepetsa ululu: paracetamol 250 mg ndi ibuprofen 170 mg, malinga ndi sikelo yake. Mwana amene akumva ululu sangakuonetseni chilichonse, ndipo mukamupweteka pa mphindi yoyamba sadzakulolaninso.

Mkono unali wopindika moonekeratu cha kumunsi pang'ono kwa pakati pake, nsonga ya kupindikako ikuloza mbali ya chikhatho. Khungu silinabooke. Zimenezi timaziyang'ana mozungulira mkono wonse, chifukwa kabala kakang'ono kotuluka magazi pafupi ndi pothyoka kamatanthauza kuti fupa linaboola n'kubwerera m'kati, ndipo chithandizo chake chimakhala china. Mtsempha wa magazi wa pafupi ndi dzanja unkagunda bwino, zala zinali zofunda, ndipo ndikafinya chikhadabo n'kuchisiya magazi ankabwerera masekondi 2 asanakwane.

Mitsempha yoyendetsa zala kwa mwana wa msinkhu uwu timaiyeza mwa masewera. Ndinagwada kuti maso athu alingane, n'kumuuza kuti: “Tandionetsa nkhonya. Eya. Nanga chala chachikulu m'mwamba? Tsopano panga lumo ndi zala ziwiri izi. Chomaliza, lumikiza chala chachikulu ndi cha mkombaphala upange ziro.” Nkhonya imayeza mtsempha wa median, chala m'mwamba wa radial, lumo wa ulnar, ndipo ziro amayeza nthambi ya median yotchedwa anterior interosseous. Zonse anachita, ngakhale mwapang'onopang'ono uku misozi ili m'maso. Tinalemba zonsezi mufayilo tisanawongole fupa, kuti chala chikadzakanika kuyenda pambuyo pake tidzadziwe kuti vuto layamba liti.

Pali funso lina limene timadzifunsa pa mwana aliyense wothyoka fupa, ngakhale makolo aoneke achikondi chotani: kodi nkhani yomwe tauzidwa ikugwirizana ndi kuvulala komwe tikuona? Apa inkagwirizana. Mwana wa zaka 4 amakwera katungwe, kagwedwe kake kamabweretsa kuthyoka kotereku, anabwera naye msanga, ndipo m'thupi monse munalibe zipsera kapena mikwingwirima yokayikitsa. Mwanayo anafotokozanso yekha zomwezo.

Zomwe X-ray inaonetsa

Tinajambula mbali ziwiri, kutsogolo ndi cham'mbali, ndipo chithunzi chilichonse chinatenga chigongono ndi polumikizira dzanja pomwe. Mafupa onse awiri, radius (la mbali ya chala chachikulu) ndi ulna (la mbali ya chala chaching'ono), anathyoka mwa mtundu wa greenstick, monga imathyokera nthambi yaiwisi: mbali imodzi yang'ambika, inayo yangopindika osaduka. Radius inapindika madigiri 28, ulna madigiri 15. Malo okulira fupa pafupi ndi dzanja sanakhudzidwe. Mutu wa radius unali m'malo mwake pa chigongono. Ichi sichoiwala, chifukwa ulna ikathyoka mutu wa radius umatha kuguluka, kuvulala kumene kumadziwika ndi dzina la Giovanni Battista Monteggia yemwe anakufotokoza mu 1814, ndipo kukapanda kuonedwa masabata oyamba kumavuta kwambiri kukonza.

Mafupa a ana amadziwongola okha akamakula, makamaka pothyoka pakakhala pafupi ndi malo okulira. Ku mapeto kwa radius cha kudzanja ndi kumene kumachokera pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kutalika kwa fupali. Komabe kudziwongolako kuli ndi malire. Kwa mwana wosakwana zaka 9, pothyoka pakakhala pa thunthu la fupa, ambiri timalola kupindika kosapitirira madigiri 15. Madigiri 28 anali ochuluka. Komanso kuthyoka kotereku sikukhala kupindika kokha: fupa limakhalanso litapotoka, ndipo kupotoka sikudzikonza bwino ndi kukula. Kukasiyidwa, mwana amadzavutika kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba kapena pansi. Tinawafotokozera mayi ake zimenezi tikuwaonetsa chithunzi, ndipo anavomera kuti tiwongole.

Kuwongola ndi kumanga chikhakha

Tinadikira kuti chakudya chitsike m'mimba, kenako tinapita naye ku fiyeta komwe anagonetsedwa ndi ketamine 25 mg wa mumtsempha, wogonetsa odwala akuyang'anira kapumidwe kake. Poti nsonga ya kupindika inkaloza ku chikhatho, ndinatembenuza mkono kuti chikhatho chiyang'ane pansi uku ndikukankha pang'onopang'ono pa nsongapo. Kutembenuzako ndi kumene kumachita ntchito yaikulu. Mphamvu zambiri sizifunika. Akatswiri amasiyana maganizo ngati kuli koyenera kumaliza kuthyola mbali yotsala ija kuti fupa lisabwerere mwakale. Ine sindichita dala zimenezo fupa likawongoka lokha, chifukwa kachikopa kokhuthala kokuta fupa la mwana, periosteum, kamene kamakhala kosang'ambika mbali imeneyo, ndi kamene chikhakha chimatsamirapo.

Tinakulunga thonje magawo awiri, n'kuwonjezera pang'ono pa chigongono ndi pa timafupa totuluka pafupi ndi dzanja. Thonje likachuluka mkono umasewera m'kati; likachepa khungu limanyuka. Mabandeji a pulasitala tinawaviika m'madzi osatentha. Pulasitala akamauma amatulutsa kutentha kwakekwake, ndiye madzi otentha ndi magawo ochuluka zimatha kuwotcha khungu la mwana amene wagona ndipo sangathe kudandaula. Mabandeji amenewa anayambitsidwa ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, amene anafalitsa njira yake mu 1852, ndipo mpaka lero ndimawakonda kuposa a fibreglass (opepuka, ouma ngati pulasitiki) pa chikhakha choyamba chifukwa amamvera dzanja poumba ndiponso savuta kung'amba.

Chikhakha chinayambira pansi pa khwapa mpaka pa mzere wa m'chikhatho, chigongono chitapindidwa madigiri 90, zala ndi chala chachikulu zili zomasuka. Poumba timagwiritsa ntchito zikhatho, osati nsonga za zala, zimene zimasiya timaenje tokanikiza khungu. Timakanikiza malo atatu: limodzi pa nsonga ya pothyoka, awiri mbali inayo kumtunda ndi kumunsi kwake. Chikhakha chabwino cha mkono sichikhala chozungulira ngati paipi, chimakhala chophwatalala. Pali muyeso wa zimenezi pa X-ray, cast index: kukula kwa m'kati mwa chikhakha pa chithunzi cham'mbali kugawa ndi kukula kwake pa chithunzi cha kutsogolo, pa mlingo wa pothyoka. Ukapitirira 0.8, mwayi woti fupa libwerere kupindika umakula. Wathu unali 0.76, ndipo radius inatsala ndi madigiri 5 okha. Atadzuka anabwereza masewera a zala aja bwinobwino. Tinamugoneka m'wodi kuti timuyang'anire, mkono uli pa pilo.

Usiku woyamba

Cha m'ma 2 koloko usiku namwino anandiitana. Mwana anali atalandira mankhwala ake pa nthawi yake, koma pasanathe ola anayambanso kulira, ndipo kaliridwe kake kanali kosiyana ndi ka masana. Sankafuna kunyamulidwa, sankafuna kugona, ankangotembenuka. Mayi ake anati: “Adokotala, masana ndikamuyangata amatonthola, koma pano akukana ngakhale ine.”

Zala zinali zotupa koma zofunda, magazi ankabwerera m'zikhadabo msanga. Nditagwira chala chapakati n'kuchiwongola pang'ono chabe, anakuwa n'kukoka phewa lonse.

Apa m'pamene pagona ngozi yaikulu ya chikhakha. Minofu ya mkono imakhala m'zipinda zokutidwa ndi nembanemba yolimba yosatanuka. Ikatupa, ndipo kunja kwake kuli chikhakha chosatanukanso, mphamvu ya m'kati imakwera mpaka timitsempha ting'onoting'ono totengera magazi ku minofu timatsekeka. Vutoli ndi compartment syndrome. Mtsempha waukulu umapitirizabe kugunda ndipo zala zimaonekabe zabwino pomwe minofu ikufa, choncho wodikira kuti zala zizizire kapena zide amakhala atachedwa kale. Pakadutsa maola 6 mpaka 8 magazi asakufika, minofu imawonongeka osabwereranso, kenako imakhwinyata n'kusiya dzanja lopindika kwa moyo wonse, chilema chimene Richard von Volkmann anachifotokoza mu 1881. Munthu wamkulu amanena kuti akumva dzanzi kapena kuti chikhakha chikuthina. Mwana wa zaka 4 sanena zimenezo. Iye amaonetsa ndi mantha, kusakhazikika, ndi kufuna mankhwala a ululu ochulukirachulukira. Namwino ameneyu anachita chinthu chofunika kuposa zonse za m'lipoti lino: sanangowonjezera mankhwala, anaitana.

Tinang'amba chikhakha kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuchikanula, kenako tinadula thonje lonse ndi lumo mpaka khungu linaoneka m'litali monse. Kudula thonje si kongowonjezera. Ulusi wake ukatsala ngakhale pamalo amodzi umamanga mkono ngati lamba. Tinatsitsanso mkono kuti ulingane ndi mtima, chifukwa kuukweza kwambiri pa nthawi ngati imeneyi kumachepetsa magazi olowa. Tinadziwitsa a ku fiyeta kuti akhale okonzeka, popeza ululu ukanapanda kutsika pakanafunika opaleshoni yong'amba nembanemba ija. Patatha mphindi 20 kulira kunachepa. Patatha mphindi 40 ndinawongola zala zonse iye akungondiyang'ana, ndipo posakhalitsa anagona. Anamwino anamuyeza ola lililonse mpaka kunacha. X-ray ya m'mawa inaonetsa kuti fupa silinasunthe. Tinakulunga bandeji yotanuka pamwamba pa chikhakha chong'ambacho, ndipo pa tsiku lachitatu anatuluka.

Potuluka tinakhala pansi ndi mayi ake. Tinawauza kuti pulasitala amatenga masiku awiri kapena atatu kuti aumiretu, kuti asanyowe, kuti posamba amukulunge pulasitiki koma osamiza mkono m'madzi, kuti mwana azisewetsa zala pafupipafupi, ndipo asalowetse kanthu kalikonse m'kati ngakhale kuyabwe bwanji. Chachikulu tinachibwereza kawiri: ululu ukamakula m'malo mochepa, zala zikatupa kwambiri, zikazizira, zikasintha mtundu kapena akakana kuziyendetsa, abwere nthawi yomweyo, usiku kapena usana, osadikira tsiku lomwe tawalembera.

Tsiku la 7: chikhakha chakhwepa

Anabwera akuseka, ululu utatheratu. Kutupa kunali kutaphwa, moti zala zanga ziwiri zinkalowa pakati pa chikhakha ndi khungu. X-ray inaonetsa kuti radius yabwerera kufika madigiri 12 ndipo cast index yafika 0.9.

Madigiri 12 anali m'kati mwa malire, ndipo ena akanangotseka chikhakha chakalecho n'kudikira. Ine ndinaona kuti nambala yokhayo si imene tiyenera kuyang'ana, koma kumene ikulowera. Fupa linali litayenda madigiri 7 m'sabata imodzi, m'chikhakha chomwe sichinkaligwiranso, ndipo linali lisanayambe kumata. Kuthyoka kwa greenstick kumakonda kubwerera komwe kunachokera, chifukwa mbali yosaduka ija imakokabe. Fupa la mwana wa zaka 4 limagwirana msanga: pofika sabata yachitatu kuliwongola ndi manja kumakhala kovuta kwambiri. Nthawi yokonza inali yomweyi. Tinamugonetsa kwa mphindi zochepa, tinachotsa chakalecho, ndipo tinaumba chatsopano pa mkono umene tsopano unali wosatupa. Radius inabwerera pa madigiri 6, cast index 0.74. Anapita kunyumba tsiku lomwelo, zala zikuyenda bwino.

N'chifukwa chake mwana wosamva ululu timamujambulabe pa sabata yoyamba ndi yachiwiri. Fupa likamapindika m'kati mwa chikhakha silipweteka, ndipo kunja sikuoneka kanthu.

Pa tsiku la 14 panali madigiri 7, ndipo mozungulira pothyoka panayamba kuoneka kamtambo koyera ka fupa latsopano. Magazi amene anaundana pothyoka amasanduka nyama yofewa yolumikiza mbali ziwiri, kenako nyamayo imalowa kashiamu n'kulimba. Kuyambira apo nkhawa ya kusuntha inachepa.

Fungo pa sabata yachinayi

Kutatsala masiku ochepa kuti abwere, mayi ake anafika naye chifukwa cha fungo lochokera m'chikhakha cha pa chigongono, ndipo panali kadontho kachikasu kodutsa pulasitala. Mwana sankatentha thupi ndipo ankakana kuti pakupweteka. Chikhakha cha masabata angapo chimanunkha thukuta, koma fungo lochokera pamalo amodzi, limodzi ndi dontho, ndi chilonda mpaka titatsimikiza kuti sichoncho.

Titatsegula tinapeza kamkanda kapulasitiki kobiriwira katakanirira m'khonyo mwa chigongono, pansi pake pali kachilonda kozungulira ka sentimita imodzi, kosazama. Atafunsidwa mofatsa anati kanagweramo kalekale ndipo ankaopa kunena. Ndinawapempha mayi ake kuti asamukalipire, chifukwa mwana wokalipiridwa lero ndi amene amadzabisa chachikulu mawa. Chilonda cha kukanikizika chimapweteka masiku oyamba okha, khungu likachita dzanzi ululu umaleka, ndiye kusadandaula kwa mwana sikutsimikizira kanthu.

X-ray inaonetsa fupa latsopano litazungulira mafupa onse awiri, ndipo pothyoka sipankapweteka pokanikiza. Choncho tinamumanga chikhakha chachifupi cholekezera pansi pa chigongono, chilonda chinatsala panja pomwe chinkatsukidwa mosavuta. Mankhwala opha tizilombo sanafunike. Chinapola m'masiku 10.

Kuchotsa chikhakha

Tinachotsa atakwanitsa masabata 6, X-ray itaonetsa kuti mzere wa pothyoka watsekeka mbali zonse. Kwa ana ambiri tsiku limeneli limaopsa kuposa tsiku lothyoka, chifukwa cha phokoso la macheka. Macheka ake sazungulira, amangonjenjemera, choncho amadula cholimba koma khungu lofewa limangogwedezeka nawo. Ndinawayatsa n'kuwagunditsa pa chikhatho changa iye akuona, kenako anakhala pa miyendo ya mayi ake atatseka khutu limodzi ndi dzanja lamanja, linalo atalitsamiritsa pa chifuwa chawo. Komabe macheka amenewa amatentha ndipo akakokedwa m'litali amatha kukanda, ndiye timadula molowetsa ndi kutulutsa, pang'onopang'ono, tikupumira kuti mpeni uzizire.

Mkono unatuluka wowonda, wotuwa, khungu likusupuka, tsitsi lake litada ndi kutalika kuposa la mkono winawo. Mayi ake anadzidzimuka, ndipo mwanayo anaugwira mkonowo ndi dzanja lina osafuna kuuyang'ana. Zonsezi n'zachibadwa ndipo zimatha zokha: kusambitsa ndi madzi ofunda, kudzola mafuta, osakanda kapena kusenda khungulo. Pothyoka pankamveka kachotupa kolimba, komwe ndi fupa latsopano lija, ndipo tinawauza kuti kadzachepa pakapita miyezi.

Sitinamutumize ku mafizo, komwe amaphunzitsa odwala kuyendetsanso ziwalo zawo. Ana a msinkhu uwu amabwezeretsa okha kayendedwe ka mfundo zawo posewera, ndipo kuwapinda mokakamiza kumangowawonjezera ululu ndi mantha. Chomwe tinalimbikira ndi kuopsa kothyokanso. Mafupa a mkono, makamaka akathyoka pa thunthu mwa mtundu wa greenstick, ali m'gulu la mafupa a ana amene amathyokanso pamalo omwewo, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira chikhakha chitachotsedwa, pamene mwana akudzimva kuti wachira koma fupa lisanabwerere mphamvu zake zonse. Tinamupatsa chotchingira chovula ndi kuvala choti azivala posewera panja kwa masabata 4, ndipo tinaletsa katungwe, kukwera m'mwamba ndi njinga kwa miyezi 3. Kujambula, kuvala yekha, kusewera ndi madzi ndi kunyamula zinthu zopepuka tinamulimbikitsa kuyambira tsiku lomwelo.

Patatha masabata 3 chigongono ndi dzanja zinkapinda ndi kuwongoka mokwanira. Kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba kunatsalira ndi madigiri pafupifupi 15 poyerekeza ndi kumanja, ndipo tinangokusiya.

Pa miyezi 6 kuchokera tsiku logwa, mikono yonse inali yofanana kukula ndi kutalika, kutembenuza chikhatho kunali kofanana mbali zonse, ndipo pa chigongono panatsala kachipsera kotuwa pomwe panali kamkanda. X-ray inaonetsa radius ili pa madigiri 3, ulna yowongoka, mphako ya m'kati mwa mafupa onse awiri itatsegukanso, ndi malo okulira ali bwino. Tinamutulutsa m'kaundula wa odwala obwerabwera, n'kuwauza mayi ake kuti adzabwere naye pokhapokha akadzaona ululu watsopano kapena mkono ukuyamba kupindika.